Nambala Yachiwiri pa Alamu ya ku Kanjedza

Sunthirani kuno ku mbaula, chiperoni ichi sichitha lero ndipo magetsi sabwera msanga. Inu a Sikelo, ndamva zimene mwakhala mukuwauza anzathu muno mushopu, zoti Felesiya amaopa nyumba ya ku Kanjedza. Ine? Zaka makumi awiri ndikukwera m'masiling'i a anthu kukoka mawaya a alamu. Ndakumanamo ndi njoka, mavu, ndiponso amuna ngati inu amene amati mkazi sangagwire pulayazi. Nyumba imeneyo sindiiopa ayi, ndimangoipatsa ulemu. Khalani pansi mumve, ndipo mutembenuze mbatata yanuyo ikupserera.

Inali Okutobala, Lolemba m'mawa, kutentha kwake koti malata akuchita kulira okha. Inandipeza foni yochokera ku Lilongwe. Mayi wina, dzina lake Mervis, mawu ake a munthu wozolowera kulamula mu ofesi.

"Asisi, ndamva kuti mumakonza ma alamu. Bambo anga, a Makwinja, amakhala okha ku Kanjedza. Amayi anatisiya mu Juni. Tsopano bambo akuti alamu imalira yokha masana, ndipo akuti ndi amayi amene amakhala akulowa m'nyumba."

"Ndikumva," ndinatero.

"Mupite mukaione. Ngati yawonongeka, mukonze. Koma ngati ilibe vuto, ndiye kuti mutu wa bambo wayamba kusokonekera, sangakhalenso okha. Loweruka ndibwera kudzawatenga, nyumbayo tiikamo anthu ena."

Ndinanyamula chikwama changa cha zida, batire latsopano limodzi, ndi kukwera kabaza.

A Makwinja ndinawapeza ataimirira pageti ngati mlonda. Mdala wamtali, wowonda, amene anapuma ntchito ya njanji kalekale. Kutentha konse kuja iwo atavala juzi, mabatani otseka mpaka m'khosi. Sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

"Wakutumani Mervis eti? Kuti mudzaone ngati ndapenga?"

"Ndabwera kudzaona batire, bambo. Za mitu ya anthu sindinaphunzire."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuduku, kenako anatsegula geti. "Nyumba iyi njerwa zake ndinaumba ndekha ndi Belita mkazi wanga. Muno adzanditulutsa ndili m'bokosi, osati m'galimoto ya mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kupukuta mamina. Lowani."

Alamu yake inali ya makedzana, ija ya bokosi lachitsulo ndi kabokosi ka mabatani kokhala ndi kagalasi kobiriwira. Kabokosiko kanali kukhitchini, pafupi ndi chitseko chakumbuyo. Mdala anati anaiika zaka khumi ndi zisanu zapitazo, akuba atawalowera dzuwa likuswa mtengo, iwo ali mtulo pampando. Kuyambira pamenepo amaitchera ngakhale masana, iwo ali m'kati momwemo. Kamphindi kalikonse inkangoti tii, kulira kwa batire lotha kumene tonse timakudziwa.

Bokosi lachitsulo linali pamwamba pa wadiropu. Ndinakwera pampando, n'kutsegula. Abale inu, batire lake! Litatupa mbali zonse ngati buledi, pamitu pake pali zoyera mbuu. Ndinaikapo mita yanga, inaonetsa mavoti atatu basi. Alamu imafuna khumi ndi awiri. Ndinayeza mawaya amene amatchaja batire, panalibe kanthu. Ndinayeza amene amachokera ku thiransifoma, kachipangizo kolandira magetsi a pakhoma, zii.

"Bambo, thiransifoma ya alamuyi ili kuti?"

Sankadziwa. Ndinalondola waya khoma ndi khoma mpaka pabalaza, kuseri kwa kabati ya mbale. Tinakankha kabatiyo awiriwiri. Pulagi inali pansi, yozulidwa, itakutidwa ndi fumbi, kangaude atamanga nyumba pakati pa mano ake.

Mdala anagwira pakamwa. "Maliro."

Mukudziwa mmene timachitira maliro akafika pakhomo. Mipando, tebulo, kabati, zonse zimatulutsidwa pabalaza kuti amayi akhale pamphasa mozungulira bokosi. Anyamata a kumpingo potulutsa kabati anazula pulagi, wina n'kulowetsapo chotchajira mafoni a anamfedwa. Pobwezeretsa katundu palibe anakumbukira. Zimenezi ndazionapo m'nyumba zitatu kapena zinayi, si zachilendo.

Chachilendo ndinachiganizira ndikupukuta fumbi lija. Batire la alamu likasiyidwa lopanda magetsi limakhala tsiku limodzi, likalimba kwambiri awiri. Maliro anachitika mu Juni. Miyezi inayi alamu ikuyaka, ikulira, ikutcheredwa, ndi batire lakufa komanso pulagi ili pansi. Ndinayang'ana kangaude uja kachiwiri. Kenako ndinadziuza kuti Felesiya, usayambe za ziii, mwina pali waya wina umene sunauone.

Nditabwezeretsa pulagi ndinapeza kuti fyuzi ya mbali yotchaja inali yopsa. Ndinasintha. Mita inakwera bwinobwino kudutsa mavoti khumi ndi atatu, mmene zimayenera kukhalira. Ndinaikamo batire latsopano, kulira kuja kunaleka. Ndinakonza nthawi pa kagalasi.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo sindibisa. Ife amisiri tili ndi chizolowezi chathu. Tikafika pa alamu yakale timaona kuti ndi anthu angati ali ndi nambala zachinsinsi zozimitsira, chifukwa mumakhala nambala za alonda amene anachotsedwa ntchito, za antchito a m'nyumba amene anathawa ndi mapoto. Timafufuta zonse, kusiya za eni nyumba. Inu a Sikelo mumachita, ine ndimachita, amene anatiphunzitsa ankachita. Ndinapeza nambala zinayi.

"Bambo, muno mumakhala ndi ndani?"

"Ndekha."

"Yanu ndi yoyambayi?"

"Eya."

Ndinafufuta yachinayi, yachitatu, yachiwiri. Zala zinangochita zokha, monga mmene munthu amatsekera mpopi akatha kusamba m'manja. Nthawi isanakwane leveni ndinali nditatuluka. Pamsewu ndinamuimbira Mervis, mtima uli mbee.

"Vuto linalipo, ndipo ndakonza. Bambo anu mutu wawo uli bwinobwino, alamu inkaliradi."

"Chabwino," anatero. Sanamveke wokondwa, sanamvekenso wokhumudwa.

Ndili mushopu muno, nthawi itangopitirira hafu thwelofu, foni inaliranso. Nditayankha ndinachita kuichotsa kukhutu. Sairini ikung'amba, agalu akuuwa, ndipo pakati pa phokosolo mawu a mdala.

"Mayi inu, mwachita chiyani m'nyumba mwanga? Mwachita chiyani?"

Lachiwiri ndinalawirira. Batire langa latsopano lija, la dzulo lomweli, linali litatheratu. Ndinapsa mtima, n'kumutukwana mumtima amene anandigulitsa. Koma nditaligwira kuti ndilichotse, dzanja ndinalibweza. Linali lozizira ngati botolo lochokera m'firiji, likuchita thukuta la madzi kunja kwake. Pamwamba pa wadiropu, pansi pa malata, mu Okutobala. Batire likamavutika limatentha, aliyense amadziwa.

Ndinaikamo lina. Kenako ndinayamba ntchito monga ndimachitira ndikakwiya, kumayeza chilichonse kawiri. Thiransifoma inali bwino. Fyuzi inali bwino. Ndinayeza mphamvu imene alamu ikukoka pa batire, inali yochepa monga mwa masiku onse. Ndinachotsa waya wa sairini kuti ndione ngati wakhudzana penapake, ayi ndithu. Ndinapita pachitseko chakumbuyo kukaona kamaginito kamene kamauza alamu kuti chitseko chatsegulidwa. Kanali kolimba, sikankagwedera. Ndinakwera m'siling'i kufuna pamene makoswe adya waya, ndinangotuluka ndi fumbi m'mphuno.

Potsika ndinafuna tesita yanga, kasikuludiraiva kaja koyaka kumutu. Ndinali nditaisiya patebulo la kukhitchini. Panalibe. Ndinafuna m'matumba a ovololo, m'chikwama, pansi pa tebulo.

"Onani m'kapu yabuluuyo pawindo," anatero a Makwinja, osadzutsa n'komwe mutu pa nyuzipepala.

Inali momwemo, pamodzi ndi mabatani akale a malaya ndi misomali iwiri.

"Mwaikamo ndinu?"

"Ine sindinadzuke pano. Belita sankafuna zitsulo patebulo lodyera."

"Bambo, musandiyese mwana."

"Khalani mpaka hafu thwelofu," anatero. "Mukhale, muone ntchito ya manja anu."

Ndinakhala. Sindine munthu wothawa ntchito ili pakati. Magetsi anali atazima kuyambira teni, ndiye alamu inkayendera batire lokha. Ndinalumikiza mita yanga ku batire, n'kukoka mawaya aatali mpaka pakhonde la m'kati kuti ndizitha kuona mita ndi kabokosi ka mabatani nthawi imodzi. Mdala anatseka zitseko zonse, chakumbuyo anachikhoma ndi mpiringidzo, anatchera alamu, n'kukhala pampando wake pafupi ndi sitovu. Patebulo anaikapo tambula ya madzi ndi kabotolo ka mapilitsi a BP.

Tikudikira anandiuza. Mayi Belita anali ndi benchi la tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe. Tsiku lililonse hafu thwelofu ankasiya benchi m'manja mwa mnzawo, kubwera kudzaonetsetsa kuti amuna awo amwa mankhwala, chifukwa mdala ankawabisa pansi pa khushoni. Ankalowera kumbuyo, alamu n'kuchenjeza, iwo n'kudina nambala yawo. Atamwalira, panapita sabata imodzi yokha, zinayambiranso. Chitseko osatseguka, koma alamu kuchenjeza, mabatani kulira kanayi, kagalasi kuonetsa kuti wazimitsa ndi munthu wachiwiri.

"Ndiye ine ndimamwa mankhwala," anatero. "Nanga ndingachite bwanji, munthu wayenda ulendo wonsewo?"

Ndinkayang'ana wotchi.

Choyamba chinali agalu a kwa aneba. Ankauwa kabaza aliyense wodutsa, koma anangoti duu onse pamodzi. Kenako fungo. Osati loipa ayi. Fungo la masamba a tomato, ndi la nsalu imene yayenda padzuwa nthawi yaitali. Linalowa m'khitchini mawindo ali otseka.

Alamu inayamba kuchenjeza, tii-tii-tii, monga imachitira chitseko chikatsegulidwa. Ndinayang'ana mpiringidzo, unali m'malo mwake. Kenako mabatani analira kanayi, mofulumira, ngati munthu amene wadina nambala yomweyo zaka khumi ndi zisanu. Palibe batani linasuntha, ndinali ndikuyang'anitsitsa. Kabokosiko kanayankha ndi kulira kumodzi kwakutali, kokana.

Kunali chete pang'ono. Kanayi kachiwiri, pang'onopang'ono tsopano, ngati munthu akudziwerengera. Kokana. Mita yanga inkatsika ndikuiona ndi maso angawa, khumi ndi awiri, khumi ndi chimodzi, khumi. Kachitatu mabatani analira mosakanikirana, kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndipo sairini inaphulika.

Mdala anadzuka, anadina nambala yake, phokoso linaleka. Anandiyang'ana, koma m'maso mwake simunali mantha. Unali mkwiyo.

"Mwamutsekera kunja mkazi wanga. M'nyumba yake yomwe."

Thupi langa lonse linali tsemwe lokhalokha. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali manyazi. Ndinawauza zoona, kuti nambala yachiwiri ndinaifufuta ndine, osafunsa.

"Ibwezeretseni."

"Ndiuzeni manambala ake, ndibwezeretsa pompano."

Anakhala pansi. Sankaidziwa. Amene anaika alamu anawauza kuti aliyense asunge yake, ndipo Mayi Belita anazitenga ngati lamulo la m'Baibulo. Mdala akafunsa ankangomuseka, kuti mukufuna mudzawauze akazi anu achiwiri. Munthu mmodzi yekha ankaidziwa, Mervis, chifukwa akabwera kutchuthi ankagwiritsa ntchito ya mayi ake.

Ndinamuimbira madzulo omwewo.

"Mukufuna nambala ya munthu womwalira?" anatero. "Nanunso mwayamba? Aneba andiimbira kawiri kuti sairini ikuwadzutsira ana. Munati mwakonza. Ndinakutumani kukathandiza bambo anga, osati kukawawonjezera misala." Anadula foni.

Lachitatu ndinati ndiyese nzeru zina. Ndinawauza a Makwinja kuti tiiphe alamu yonse, isakhale ndi chomukanira munthu. Ndinachotsa batire, ndinazula pulagi, mawaya onse awiri ndinawagwira m'manja mwanga. Kagalasi kanazima, kanada bii. Chinthu chopanda magetsi sichilira, zimenezo ngakhale mwana wa sitandade faivi amadziwa.

Hafu thwelofu kabokosi kanalira. Motsitsa, ngati kakuchokera pansi pa bulangete. Kanayi, kokana. Kanayi, kokana. Ndipo popeza sairini inalibe mphamvu yoti idule nkhani, sizinaleke. Zinapitirira mpaka thu koloko. Ola ndi theka, abale, ine nditaimirira ndi batire m'manja, mdala atagwira mutu, wina wake akupempha kulowa m'khitchini mwake. Sindidzachitanso zimenezo kwa munthu aliyense, wamoyo kapena ayi. Ndinabwezeretsa zonse tsiku lomwelo.

Lachinayi ndinayesa kulota manambala. Chaka chimene anabadwa, chaka cha ukwati wawo, nambala ya benchi la kumsika, nambala ya nyimbo imene ankaikonda kutchalitchi. Ndinkaika imodzi pa malo achiwiri, ina pa achitatu, ina pa achinayi, mpaka malo onse anadzaza. Zonse zinakanidwa. Lachisanu chimodzimodzi. Koma ndinaona kusintha. Lachinayi Mayi Belita anayesa katatu. Lachisanu kawiri kokha, ndipo kulirako kunali kofooka, kotalikirana. Fungo la tomato lija linangodutsa pang'ono. Mabatire anga sankathanso ngati poyamba, ndipo zimenezo sizinandisangalatse.

"Akutopa," anatero a Makwinja. Mapilitsi anali patebulo osamwedwa kuyambira Lolemba, ndipo mapazi awo anali atayamba kutupa. "Belita sanali munthu wogogoda pakhomo pamene sakumufuna. Mawa akakanizidwanso sabweranso. Ndikumudziwa."

"Imwani mankhwala, bambo."

"Akalowa ndimwa."

Loweruka palibe anandiitana, koma ndinapita. Pabwalo panali galimoto yoyera ya nambala ya ku Lilongwe, kumbuyo kwake kotsegula. Pabalaza masutikesi awiri, imodzi yodzaza kale ndi malaya ndi majuzi. Mervis anali mayi wojintcha, wa magalasi, maso ofiira ngati sanagone. Atandiona ndi ovololo yanga anaimika nkhope.

"Ntchito yanu inatha, asisi."

"Siinathe. Ndinaononga chinthu m'nyumba muno, ndipo sindichoka ndisanachikonze."

"Ndikuitanirani apolisi."

"Aitaneni, adzandipeza kukhitchini." Ndinaika chikwama pansi. "Tamverani achemwali. Inu mukuti bambo anu apenga. Mwina nanenso ndapenga. Nthawi ino ndi thwelofu. Dikirani mphindi makumi atatu zokha, muime apo pasinki. Mukapanda kumva kanthu, masutikesi awo ndinyamula ndine, ndipo bambo anu ndiwanyengerera ndine kulowa m'galimoto."

"Ine sindilowa m'galimoto ya munthu," anatero mdala ali pampando wake. Anali atavala jekete ndi taye, ngati tsiku la mgonero.

"Bambo, mukudzipha," anatero Mervis. "Taonani mapazi anu. Amayi tinawaika m'manda ku Thyolo, munaponyamo dothi ndi dzanja lanu. Mukufuna ndikuikeni nanunso chaka chomwechi?"

"Ukandichotsa muno ndiye udzandiika msanga. Tseka chitsekocho."

Kaya chinamugwira n'chiyani, koma anatseka. Anakhoma yekha mpiringidzo, n'kuugwedeza kawiri kuti atsimikize. Anaima pasinki atapinda manja. Ine ndinaika batire lodzaza, ndinayezanso thiransifoma, n'kuima pafupi ndi kabokosi. Mdala anatchera alamu.

Hafu thwelofu inakwana, palibe chinachitika. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu. Mervis anayang'ana wotchi ya pamkono, kenako anandiyang'ana ine. Mdala anangoyang'ana chitseko. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pantchito, ndipo mumtima ndinayamba kale kunyamula masutikesi.

Agalu analeka kuuwa.

Mervis anakweza mutu, mphuno zake zikununkhiza. Ndinaona manja ake akumasuka okha, kugwera m'mbali. Alamu inachenjeza. Anayang'ana mpiringidzo umene anakhoma yekha.

Tii. Kenako chete wautali. Tii. Chete. Tii. Batani lachinayi linachedwa mpaka ndinaganiza kuti silibwera. Tii. Kokana.

"Ndi mawaya," ananong'ona Mervis. "Ndi mawaya chabe."

"Mawaya ndayeza ine, sabata yathunthu," ndinatero. "Achemwali, masekondi akutha. Manambala anayi basi."

Palibe anayesanso kachiwiri. Kuchenjeza kokha kunkapitirira, kukuthamanga kuyandikira sairini. Fungo lija linayamba kuchepa, ngati munthu watembenuka kuti azipita.

Mdala sanakuwe. Anangoti, "Mervis, mayi ako ali panja."

Mervis anatchula manambalawo mokuwa, kawiri, misozi ili chuchuchu. Sindikuuzani kuti anali ati, musandiyang'ane choncho a Sikelo, nambala ya kasitomala siululidwa.

Mdala anadina yake kuti sairini isalire. Ine ndinalowa m'malo osinthira nambala. Ntchito imeneyi ndimaichita nditatsinzina, koma tsiku limenelo zala zinkaphonya. Kumanja kwanga, pakati pa ine ndi chitseko, kunali kuzizira kotalika ngati munthu wamfupi, kufika paphewa langali. Sindinatembenuke. Ndinangoti, "Pepani mayi, ndinalakwitsa ndine. Dikirani pang'ono, ndikutha." Ndinafufuta zolota zanga zija, ndinaika manambala anayi pa malo achiwiri, kabokosi kanavomera.

"Tcheraninso, bambo."

Anatchera. Tinaima atatu. Kunja kabaza anadutsa akuliza belu, agalu sanamuuwe. Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati nyundo. Ndinawerenga mphindi zinayi zathunthu.

Alamu inachenjeza. Mabatani analira kanayi, mofulumira, mosakayika. Kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo pa kagalasi panatuluka nambala 2.

Mervis anakhala pansi pasimenti ndi siketi yake ya ku ofesi, akungoti amayi, amayi. Mdala anatsegula kabotolo, anatenga pilitsi, anamwa madzi onse a m'tambula, n'kuiika patebulo mwamphamvu.

"Ndamwa," anatero, osayang'ana kwa ine kapena kwa mwana wake.

Ine ndinatuluka kupita pamwamba pa wadiropu, chifukwa nkhope yanga sinali yoti anthu aione. Batire linali lozizira, latsika ndi voti imodzi yokha. Magetsi anali atazimanso tsikulo, koma atabwera linayamba kutchaja bwinobwino. Mpaka lero mabatire a nyumba imeneyo sakhalitsa ngati a kwina, ndimasintha miyezi itatu iliyonse, ndipo ndinasiya kufunsa chifukwa chake.

Pobwerera pabalaza ndinapeza Mervis atagwada, akutulutsa majuzi m'sutikesi, kuwapinda limodzilimodzi. Sanandiyang'ane. Anangoti adzapeza mayi woti azibwera m'mawa kudzaphika ndi kuchapa, koma azichoka thwelofu isanakwane. Mdala anati zimenezo aziganizira.

A Makwinja anandiperekeza okha mpaka pageti, akuyenda pang'onopang'ono ndi mapazi awo otupa. Dzuwa linali lowawa. Atatsegula geti anandigwira mkono wa ovololo.

"Mwana wanga, ntchito mumaidziwa. Koma chizolowezi chanu chija ndi choipa."

"Ndasiya, bambo. Masiku ano ndizifunsa."

"Tsiku langa likadzafika, adzatulutsanso kabati ija. Mudzabwere mudzabwezeretse pulagi." Anayang'ana nyumba yawo, kenako ine. "Ndipo akadzalowa anthu ena muno, adzakuuzani kuti mufufute zakale zonse. Nambala yoyamba ija ndi yanga."

"Ndamva."

"Musangomva. Mudzawayankha chiyani?"

"Ndidzawauza kuti malo oyamba ndi achiwiri ndi owonongeka, ayambire pachitatu."

Mdala anaseka koyamba sabata yonseyo, anandisiya mkono, n'kutseka geti lake yekha.